Kodi masika athu ndiwo Outono wa m'buku la mwana?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Domwe m'boma la Angónia, koma papita zaka 6 ndikukhala mu mzinda wa Tete kumene bambo a kunyumba amagwira ntchito. Mwana wanga wabwera ndi ntchito ya kusukulu ya nyengo zinayi, Primavera, Verão, Outono ndi Inverno, ndipo amuuza kuti afunse makolo nyengo imene amaikonda. Ine ndati masika. Mwanayo akuti m'bukumo mulibe masika, ndipo pa Outono ajambulapo mitengo ya masamba ofiira imene ine sindinaionepo mu Epulo. Bambo ake akungoseka, ati ndimakonda kudya basi. Kodi masika ndiwo Outono? Nanga bwanji ndikakhala kwathu mu Epulo ndi Meyi thupi limapepuka, koma kuno ku Tete miyezi yomweyo sindimva choncho?

Yankho: Mayi, bambo a kunyumbawo ali ndi mbali yawo yoona, koma adikire kaye, tiwapeza kutsogoloku. Tiyambe ndi mwanayu poti ndiye ali ndi ntchito yokapereka kwa aphunzitsi.

Bukulo likuwerenga nyengo potsata dzuwa. Dziko lathuli limazungulira dzuwa litapendekeka, ndipo kupendekekako ndi madigiri 23 ndi theka. N'chifukwa chake miyezi ina dzuwa limawomba molunjika kummwera kuno, miyezi ina n'kusamukira kumpoto. Pa 20 kapena 21 Malichi limakhala pakati penipeni, pa mzere wa ikweta, ndipo usana ndi usiku zimalingana. Kuyambira tsiku limenelo mpaka cha pa 21 Juni limanka litithawa, ndipo miyezi itatu imeneyi ndiyo Outono kwa ife okhala kummwera. Ku Portugal n'zotembenuka, Outono wawo amayamba pa 22 kapena 23 Seputembala, ife tikupsa ndi chilimwe. Ndiye ngati nkhani ili ya kalendala yokha, mwanayo alembe masika pansi pa Outono osaopa. Miyezi yake ikukumana ndithu.

Chithunzicho ndiye si chathu. Mzinda wa Tete uli pa madigiri 16 kummwera kwa ikweta, Ulongwe, likulu la boma la Angónia, ali pafupi ndi 15. Kwa ife tsiku lalifupi kwambiri pa chaka limakhala ndi kuwala kwa maola 11 ndi mphindi zochepa, lalitali kwambiri maola 13. Kusiyana kwake n'kochepa moti ambiri timangokuzindikira poona kuti nkhuku zayamba kulowa msanga. Ku Lisboa tsiku limachoka pa maola pafupifupi 15 mu Juni kufika pa 9 ndi theka mu Disembala, ndipo ku London mu Disembala kuwala sikukwana n'komwe maola 8. Kumeneko chaka chimagawidwa ndi kuwala ndi kuzizira. Kuno chimagawidwa ndi madzi. Ngakhale a INAM, oona zanyengo m'dziko muno, akamalengeza amakamba za zigawo ziwiri zokha: nyengo yotentha ndi yamvula kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndi yozizirirapo ndi youma kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Makolo athu anagawa bwino kuposa pamenepo. Anati dzinja, masika, chisanu, chilimwe, ngakhale ena dzina loti chilimwe amalitambasula kuti likwire miyezi yonse yopanda mvula. Ndipo palibe gogo amene anayang'anapo pa kalendala kuti adziwe kuti masika afika. Masika amafika tsiku limene mwana wathyola mondokwa woyamba n'kuwotcha, dzungu lakhwima, nzimbe yatsekemera mpaka kunsonga. Chaka china amafulumira, china amachedwa, ndipo monga ndinene kutsogoloku, chaka china safika n'komwe.

Za masamba ofiirawo. Tsamba limaoneka lobiriwira chifukwa cha chinthu chotchedwa chlorophyll, chimene mtengo umapangira chakudya kuchokera ku kuwala. M'mayiko ozizira aja, masiku akayamba kufupika, mtengo umadziwa kuti kukubwera miyezi ya madzi oundana, choncho umaphwanya chlorophyll uja n'kubweza zofunika zake m'thunthu ndi m'mizu. Kubiriwira kukachoka, utoto wachikasu umene unabisika m'tsambamo umaonekera, ndipo mitengo ina imapangiratu utoto wina wofiira tsambalo lisanagwe. Mitengo yathu nayonso imayoyola masamba, koma chimene imathawa ndi ludzu. Mlambe wa m'chigwa cha Zambezi umavula msanga, mvula ikangosiya, n'kutsala ndi malambe ali lendelende. Tsanya amene mumamuona m'mbali mwa msewu mukamatuluka mu Tete amayamba chikasu, kenako amafiirira ngati dzimbiri miyezi youma ikamapita. Ngati mwanayo akufuna mapiri ofiira ngati a m'bukumo, mukamuonetse kumtunda mu Seputembala, pamene mombo ndi anzake a m'nkhalango zathu amatulutsa masamba atsopano ofiira mvula isanagwe. Azungu amasirira kufiira kwa tsamba lomwe likufa, ife kufiira kwathu ndi kwa tsamba longobadwa kumene. Ndiye pali msangu, mtengo wamakani, umene umayoyola masamba m'dzinja anzake onse ali biriwiri, n'kudzaphuka nthawi youma. Alimi a m'madambo amaudziwa ubwino wake, chimanga cha pansi pa msangu sichisowa dzuwa ndipo chimadya manyowa a masamba akewo.

Tsopano tibwere ku thupi lanulo, chifukwa apa ndi pamene pagona funso lenileni.

Mvula yathu imadza ndi lamba wa mitambo amene amapangika pamene mphepo zonyowa zochokera mbali zosiyana zimakumana. Lambayu amalondola dzuwa chakumbuyo. Amatsikira kwathu kuno cha mu Disembala, n'kukhala nafe mpaka Malichi, kenako dzuwa likabwerera kumpoto iye amalitsata. Akachoka, malo ake amatenga mpweya wouma ndi wozizirirapo wochokera kummwera chakummawa, womwe ukalimba mu Juni ndi Julayi timautcha mwera. Thupi la munthu limadziziziritsa ndi thukuta, koma thukuta limathandiza pokhapokha likauma pakhungu. Mu Febuluwale mpweya umakhala utakhuta kale chinyontho, thukuta silipeza kopita, limangoyenderera, zovala n'kumamatira. N'chifukwa chake madigiri 30 a mu Febuluwale amatopetsa kuposa madigiri 30 a mu Meyi. Chipangizo choyezera chimaonetsa nambala imodzimodzi, koma khungu limamva zosiyana.

Usiku nawo umasintha. Mitambo ndi chinyontho zili ngati bulangete lofunditsa dziko. Zikachoka, kutentha kumene nthaka yatola masana kumathawira kumwamba dzuwa likangolowa. Ndiko kumabweretsa mame aja onyowetsa chitenje mpaka m'mawondo mukamapita kumunda mu Epulo, ndi nkhungu yogona m'madambo mpaka dzuwa litakwera. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka usiku n'kukadikha m'malo otsika, choncho kudimba kumazizira kuposa pakhomo pamene pali pamtunda. Tulo tabwino timafuna kuti kutentha kwa thupi kutsikeko pang'ono. Usiku wa masika umakupatsani zimenezo ulere, mumadzuka mutagona mokwanira, ndipo kupepuka kumene mukukunenako theka lake ndi tulo basi.

Palinso cha maso. Mu Epulo ndi Meyi mvula imakhala itatsuka fumbi lonse, udzu usanaume moti n'kupsa, kotero mpweya umakhala woyera kuposa nthawi ina iliyonse. Phiri la Domwe, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, limaoneka ngati layandikira. Usiku mlalang'amba umachita kuyera. Ikafika Ogasiti anthu ayamba kutentha tchire posaka mbewa ndi pososa, utsi ndi fumbi zimadzaza m'mwamba, phiri lomwelo n'kumaoneka ngati mthunzi.

Nanga bwanji ku Tete simumva zonsezi? Chifukwa mukukhala pansi pa mphika. Mzinda wa Tete uli pa mamita osakwana 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Ulongwe ali pa mamita pafupifupi 1,300, ndipo madera ena a ku Tsangano ndi okwera kuposa apo. Munthu ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Ndiye pakati pa nyumba imene mukukhala ndi nyumba imene munabadwira pali kusiyana kwa madigiri 7 kapena 8 tsiku lomwelo, ola lomwelo. Mumaziona nokha mukakwera shapa: ku Moatize mawindo onse otsekula, mukakhota pa Mussacama n'kuyamba chikweza anthu ayamba kutseka mmodzimmodzi, pofika ku Ulongwe madzulo mwana mwamufunditsa chitenje. Mtunda wake ndi makilomita ongopitirira 200, koma mwadutsa nyengo ziwiri. Ndi chifukwa chomwecho anthu a ku Songo, pamwamba pa damu la Cahora Bassa, amagona bwino kuposa a m'mphepete mwa mtsinje.

Mvula nayo ndi yosiyana. M'chigwa imagwa mamilimita 600 ndi pang'ono pa chaka, kumtunda pafupifupi 1,000. M'chigwa imasiya msanga, udzu n'kuuma msanga, ndipo nthaka youma imatentha msanga. Dzuwa likawomba pa nthaka yonyowa, mphamvu yake yambiri imathera pouma madziwo, koma pa nthaka youma ndi pamiyala yonse imasanduka kutentha. Ndi chimene chimachititsa Okutobala ndi Novembala wa ku Tete kukhala woopsa chomwechija. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, mitambo kulibe, nthaka ili gwa, madigiri n'kupitirira 40. Dzuwa limadzabwereranso paliwombo kumayambiriro kwa Febuluwale, koma pamenepo limapeza mitambo ndi matope zoti zilichepetse mphamvu.

Choncho mpweya umene mumaudziwa kuti ndi wa masika umafika ku Tete mochedwa. Dikirani Juni ndi Julayi, pamene masana amakhala pa madigiri 28 kapena 29 ndipo usiku amatsika cha pa 15 kapena 16. Imeneyo ndiyo nthawi imene anzanu obadwira m'chigwa amaikonda, nthawi ya masau, pamene misika imadzaza ndi madengu ake ndipo mbuzi za ku Tete zotchuka zija zimanona nawo. Inu mukafunsa mnzanu wa Chinyungwe mwezi umene amaukonda, n'kutheka adzati Juni. Wa ku Tsangano adzamuyang'ana modabwa, chifukwa kwa iye Juni ndi mwezi wa milomo yong'aluka, ana okhosomola, ndi chisanu chowaula tomato ndi mbatatesi m'madimba usiku umodzi. Onsewo akufuna chinthu chimodzi, masana ofunda ndi usiku wozizirira bwino, koma wina amachipeza mu Epulo, wina mu Juni.

Tiwapeze tsopano bambo aja. Ati mumakonda kudya. Auzeni kuti inde, ndipo palibe chochititsa manyazi. Masika amabwera pambuyo pa Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe imakhala itapepuka, chimanga pamsika chitakwera mtengo, ntchito ya kupalira ndi kubandira ili pachimake, galu wakuda akuzungulira m'makomo. Munthu amene anakula akudya kamodzi patsiku m'miyezi imeneyo, kenako n'kuona pakhomo padzaza mondokwa, maungu, mphonda, zipwete, misale, mtedza wauwisi wophika, nyemba zaziwisi ndi mbatata, thupi lake limasunga zimenezo moyo wonse. Fungo la mondokwa pamoto likamudutsa pamphuno ali ndi zaka 50, mtima umakhala pansi asanaganize n'komwe chifukwa chake. Ndiponso masika ndi nthawi imene khasu limapumula. Amayi ayanika mfutso, abambo aimika mikukwe, ndalama za fodya, soya ndi mbatatesi ziyamba kuoneka, ndipo zokolola zikalowa m'nkhokwe mpamene mudzi umapeza mpata wa zinkhoswe, maukwati, ziliza, ngoma ya Angoni ndi gule wamkulu. Guleyu, amene a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, anamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, amachuluka kwambiri anthu akatha kukolola, chifukwa mwambo umafuna ufa, chimera ndi anthu opanda changu cha kumunda. Ku Tete mukhoza kugula mondokwa pamsewu, koma simungagule mudzi umene wapuma pamodzi. Ndikuganiza kuti mbali ina ya chimene mukusowa ndi imeneyi, ndipo nyengo ilibe nayo mlandu.

Ine ndemwe, mukandifunsa, ndimasankha masabata awiri omaliza a Epulo kumtunda. Koma sindingakhale ndikuchita chilungamo ndikapanda kutchula zipsera za nyengoyi.

Choyamba ndi malungo. Mvula ikamasiya, zithaphwi zimadikha osakokoloka, udzudzu n'kuswana bwino, choncho malungo amapitirira mpaka Epulo ndi Meyi. Ambiri amapinda neti atangomva kamphepo kozizira, koma ndi kuzizira kwa Juni kumene kumachepetsa udzudzu, ndipo m'chigwa sutheratu. Mukapita ndi ana kumudzi nthawi imeneyi, neti ipite nawo. Chachiwiri ndi mtengo wa chimanga, umene umagwa kwambiri pa nthawi yokolola chifukwa aliyense akugulitsa. Ogula amabwera ndi masikelo awo mpaka pakhomo, ndipo chimanga chomwecho mwini wake amadzachigulanso mu Januwale pa mtengo wokwera. Kuchuluka kwa masika kumanamiza maso. Ena amathamangira kutonola ndi kuthira m'matumba chimanga chisanaume bwino, n'kuchita chuku chimene chimawononga chiwindi. Chimanga chosunga chimafuna chinyontho chisapitirire magawo 13 pa 100 alionse, ndipo njira ya makolo yoluma njere n'kumva ngati ikuthetheka ikadali yothandiza.

Chachikulu n'chakuti masika ndi mwana wa dzinja. Outono wa ku Ulaya amabwera chaka chilichonse, kaya alimi akolola kaya ayi, chifukwa amangodalira kupendekeka kwa dziko. Athuwa ayi. Mukukumbukira 2016 ndi 2024, zaka za El Niño, pamene madzi a nyanja ya Pacific anatentha kuposa nthawi zonse n'kusokoneza mvula kummwera kwa Africa kuno. Ng'amba inagwira chimanga chikumasula, makamaka m'madera otsika. Epulo anafika pa nthawi yake, thambo linayera, mame anagwa, usiku unazizira bwinobwino, koma m'minda yambiri munalibe chothyola. Amene anaona zimenezo sananene kuti masika afika. Apa ndi pamene mawu awiriwa amasiyanirana, ndipo ndikanakhala mphunzitsi wa mwana wanuyo, ndikanakonda kuti ana amve kusiyana kumeneku kuposa kuloweza mayina anayi aja.

N'chifukwa chake sindikangana ndi munthu amene amati amakonda dzinja. Mlimi akamva fungo la dothi pa mvula ya chizimalupsa, n'kuona inswa zikutuluka ndi bowa akumera, amadziwa kuti chaka chayamba kumene. Kungoti walira mvula walira matope. Anthu a ku Tete ndi ku Moatize sanaiwale Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revubwe mpaka kugumula mlatho. Woumba njerwa ndi womanga nyumba amakonda Ogasiti ndi Seputembala, woyendetsa galimoto m'misewu yafumbi ya ku Macanga ndi Chifunde amakonda mwezi uliwonse umene matayala sakutitimira, wogulitsa madzi ozizira pa mlatho wa Samora Machel amadalitsa Okutobala amene ena tonse timamutemberera. Mukawafunsa bwino bambo a kunyumbawo nyengo imene iwo amaikonda, mudzapeza kuti nawonso yankho lawo lili ndi mimba kapena thumba mkati.

Ngati mukufuna kuti anawo awadziwe masika amene inu mukuwanena, apititseni ku Domwe pakati pa Epulo ndi sabata zoyambirira za Meyi, mvula itasiya koma mwera usanalimbe, ndipo mutenge majuzi chifukwa ana okulira ku Tete amanjenjemera pa madigiri amene msuweni wawo wa kumudzi amasewera ali chifuwa pamtunda. Za ntchito ya kusukuluyo, alembe kuti amayi amakonda masika, amene amagwa m'miyezi ya Outono, ndipo ajambule dzungu ndi mondokwa m'malo mwa tsamba lofiira. Kuti aone yekha kuti dzuwa limasamukadi, muzikeni ndodo yotalika mita imodzi pabwalo poyera, iime chilili, ndipo aziyeza mthunzi wake dzuwa likafika pamutu. Kuno ku Tete, pa 21 Malichi adzapeza masentimita pafupifupi 29 kuloza kummwera, pa 21 Juni opitirira 80, ndipo sabata yoyamba ya Novembala adzausowa mthunziwo, utabisala pansi pa ndodo yomweyo.